Mayi Chikhatho Akukapuma

Abwana mkulu wa chipatala, madokotala, anamwino anzanga, a ku labu, a kukhitchini, ndi inu a pageti amene mwasiya geti lokha kuti mudzamve nawo, moni nonse. Bambo a kunyumba kwa mayi athu akupumawa, ana ndi adzukulu awo, takulandirani ndi manja awiri.

Ine ndine namwino wa ku wodi ya abambo. Andisankha kuti ndiyankhule chifukwa palibe amene anakalipiridwa ndi mayi awa kuposa ine.

Kwa alendo, mayi akhala apawa ndi katswiri wathu wa kadyedwe, zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzina lawo linalembedwa pachitseko, koma salitchula munthu. Kuno ndi Mayi Chikhatho. Imvani kumene linachokera.

Atangofika kuchokera ku koleji, pakamwa pawo pankatuluka manambala okhaokha. Kunabwera bambo wina woyendetsa basi, mimba yochita kugunda chiwongolero. Adokotala anati achepetse thupi. Mayi anamukweza pasikelo, n'kumulembera: zomanga thupi, magalamu 120 patsiku. Bamboyo anapita ku butchala, anayezetsa nyama magalamu 120, n'kuidula patatu. Kam'mawa, kamasana, kamadzulo. Patatha milungu itatu anabwera akukoka miyendo.

"Mayi, kanyama kanu kaja ndimachita kukafufuza ndi magalasi."

Mayi anagwira pakamwa. Anaiwala kumuuza kuti nyama si yonse imene imamanga thupi, mbali yaikulu ndi madzi. Anamugwira dzanja, n'kulitembenuza.

"Bambo, pepala lija liiwaleni. Nyama, nsomba kapena nkhuku, izikula ngati chikhatho chanuchi, katatu patsiku. Zikakhala nyemba, wonjezerani."

Kuyambira tsiku limenelo, ukawapatsa moni, dzanja sabweza msanga. Amayamba aliyeza kaye.

Nanga nthawi ya nkhomaliro? Ukamva nsapato zawo m'khonde, umatseka kontena msanga. Amatsegula okha, osapempha. "Mpunga ndauona. Mafuta ndawaona. Chomanga thupi chili kuti?" Adokotala athu a mafupa mpaka anayamba kubisa mabanzi m'kabati ya mafayelo. Musakane adokotala, anakuululani ndi nyerere.

Tsopano ndinene zanga. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anandipeza ndi shuga. Anati ndionde. Poti ndine namwino, ndinadziona wodziwa. Ndinasiya zonse, kutsala tiyi wopanda shuga ndi kabichi wowiritsa. Sikelo inkatsika, yunifomu inkakhwepa, anzanga kundiyamikira. Mayi awa ndinkawazemba.

Tsiku lina m'mawa ndinkatsitsa agogo ena pabedi kuti ndiwaike pachikuku, ntchito yoti ndinaigwira kambirimbiri. Manja anangoti lefu. Agogo aja anandipulumuka, ndinawatchinga ndi bondo, tonse khu, pansi. Sanavulale, Mulungu ndi wabwino. Koma ine ndinakadzitsekera kosinthira zovala, kulira. Ndinati basi, ntchitoyi yandikanika, nditula pansi ndisanaphe munthu.

Amene anandipeza kumeneko ndi mayi awa. Tsiku limenelo sanakalipe. Anandigwira mkono, apa, n'kufinya.

"Mng'ono wanga, sikelo yakunamiza. Chachoka apa si mafuta okha, ndi mnofu. Munthu akamachepetsa kudya, zomanga thupi sachepetsa, amawonjezako. Ukazimana, thupi limayamba kudya minofu yake yomwe. Ndiye odwala uziwanyamula ndi chiyani?"

Ndinati, "Akulu anga, ndikuopa kunenepanso."

Iwo anati, "Uonda ndithu, koma pang'onopang'ono, mphamvu zako uli nazo. Tiye tikayezetse impso zako kaye, zikakhala bwino tiyambe mawa."

Miyezi isanu ndi umodzi ankabwera ndi makontena awiri, yawo ndi yanga. Mazira owiritsa, nsomba, nyemba, masamba. Ankakhala pafupi mpaka nditamaliza, ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Inu ana awo, mwina munkadabwa kuti mazira akutha bwanji kunyumba. Pepani, ndinali ine. Lero shuga ali m'malo mwake, ndipo odwala ndikuwanyamulabe.

Ndikuona mitu ikugwedera kumbuyoko. Ndikudziwa kuti si ine ndekha.

Akulu anga, zikomo. Simunanyozepo munthu chifukwa cha thupi lake. Wonenepa ankalowa muofesi mwanu atazolika, n'kutuluka akuseka, akudziwa choti akaphike madzulo. Ana amene mwawaphunzitsa ntchito ndi awa, ofesi mwaisiya m'manja abwino. Tikusowani, ngakhale adokotala a mafupa akusowani, angochita manyazi kunena.

Bambo a kunyumba, kuyambira mawa wodwala wawo mwatsala nokha. Limbani mtima, tizikupemphererani.

Inu akulu anga, kapumeni. Lolemba alamu ikalira, izimitseni, mutembenuke, mugonenso. Museweretse adzukulu, muyende maulendo aja munkangowanena. Tsiku lokutopetsani kukhala, tabwerani, mpando wanu pa nkhomaliro sitiupereka kwa wina.

Anzanga, tiimirire tonse. Tiwaombere m'manja mayi athuwa, mwamphamvu, mpaka odwala ku wodi afunse kuti kwagwanji!