Tsiku Limene Ndinaleka Kugogoda Bwato

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine sindidziwa kukometsa mawu, ndiye ndingonena mmene zinakhalira. Ndinatsala pang'ono kufera m'dambo la kwathu kuno kwa Mbenje, pamodzi ndi mlendo amene ndinamunyamula m'bwato, ndipo wolakwa ndinali ine.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Mayeso ndinalemba katatu, dzina langa osatuluka, pamene anzanga amene ndinkawathandiza masamu ankapita kusekondale. Ndinabwerera kunkhafi ya bambo anga mtima uli bii. Ndinkadana ndi aliyense, ndipo Mulungu ndinkamuona ngati wokondera.

Inali nthawi ija othawa nkhondo ya ku Mozambique atadzaza m'midzi yathu. M'mawa wina padooko panafika mzungu, mphunzitsi amene zaka zake zogwira ntchito kuno zinali zitatha, ndipo Loweruka lotsatira ankabwerera kwawo. Ankafuna kuona mbalame ndi mvuu asanapite. Wodziwa Chingerezi padookopo ndinali ndekha, choncho ntchito inagwera ine. Ndinamupempha chinthu chimodzi: kalata yondithandiza kupeza ukalaliki kuminda ya nzimbe. Anavomera.

Tikunyamuka, mayi ena othawa nkhondo, amene ankazula nyika, timizu todyedwa ta m'madzi, kuti adyetse ana awo, anandichenjeza kuti mvuu ya kumpata wa bango yabereka, ndisalowereko. Ndinawayankha pamaso pa anthu kuti, "Mayi, samalani nyika zanuzo. Dambo lino mwalipeza tilimo kale." Anthu anaseka. Iwo anangowerama.

Aliyense wobadwira kuno amalidziwa lamulo lake. Ukamapalasa pamalo a mvuu umagogoda bwato ndi nkhafi, gu! gu! kuti nyamayo ikumve, ivuuke, uione n'kuilambalala. Mvuu imakupha ukaidzidzimutsa. Koma kugogoda kwangako kunkaulutsa akakowa ndi avuwo, ndipo mzunguyo, kamera ili kumaso, anaika chala pakamwa kuti ndikhale chete. Ndinaganiza za kalata ija. Ndinaleka kugogoda, n'kulowera kumpata womwe uja, chifukwa n'kumene kunali mbalame zambiri.

Mvuuyo sindinaione. Ndinangomva bwato likunyamuka ngati chipapa, kenako kusweka. Nditavuuka ndinaona mzunguyo akumira, ndipo ndinamukoka tsitsi mpaka pachitsamba cha gumbwa choyandama. Ntchafu yake inali itang'ambika, magazi akutuluka ngati akuthira. Ndinamanga ndi malaya anga, koma malayawo anafiira nthawi yomweyo.

Abale, gumbwa si nthaka. Kulemera kwa anthu awiri kunkachimiza pang'onopang'ono, madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Bango linatizinga mbali zonse, lalitali kuposa nyumba, moti ngakhale bwato litadutsa pafupi silikanationa. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, kukhosi kukungotuluka mpweya. Dzuwa linafika pamutu. Mzunguyo anayamba kuyera milomo n'kumaitana amayi ake. Kenako ndinaona maso a ng'ona pamwamba pa madzi, osasuntha. Posakhalitsa zinali ziwiri. Zinali zitamva magazi, ndipo sizinali pachangu.

Ndinaganiza zomusiya n'kusambira ndekha. Ndikunena zoona, ndinaganiza zimenezo. Koma ndikanafika kuti? Masiku amenewo munthu ankatengedwa osabwereranso pa nkhani yaing'ono, nanga ine wotaya mzungu m'madzi? Kutsogolo imfa, kumbuyo imfa.

Pemphero langa silinali lokoma. Ndinati, "Mulungu, sukulu munandimana, sindinaiwale. Koma munthu uyu sanalakwe, wolakwa ndine. Ngati mumamva anthu ngati ine, tumizani munthu."

Palibe chinachitika. Madzi anafika pamchombo. Ndinamugwira mnzangayo pachibwano kuti mphuno isalowe m'madzi, ndipo ndinalira ngati mwana.

Ndiye ndinamva chapatali: gu! gu! Munthu wina ankapalasa akusunga lamulo limene ine ndinalitaya. Mawu ndinalibe, koma nkhafi inali itakodwa m'gumbwamo pamodzi ndi chibenthu cha bwato. Ndinamenya chibenthucho ndi mphamvu zonse zimene zinatsala. Kunja kuja kunakhala zii, kenako kunayankha. Ndinamenyanso, kunayankhanso, pafupi.

Bango litapatuka, anali mayi aja. Anali ataona chipewa cha mzungu chikuyenda ndi madzi, n'kusiya ntchito yawo kudzatifuna kumalo kumene iwo eni anati n'koopsa. Kabwato kawo kanali kodzaza nyika, chakudya cha ana awo cha tsiku limenelo, ndipo malo a anthu atatu panalibe. Sanaganize kawiri. Anazikhuthulira m'madzi zonse ine ndikuona. Ndinafuna kupepesa, koma anandidula m'kalankhulidwe kawo ka Chisena: "M'phale iwe, m'kweze nzakoyo. Zolonga tikalonga kumtunda." Ndiko kunena kuti, mnyamata iwe, zolankhula tikalankhula kumtunda.

Kumtundako mwano wanga uja sanautchule, mpaka lero.

Mzunguyo anachira, anapita kwawo mochedwa akuyendera ndodo. Kalata analemba, koma ukalaliki sindinaupeze, ndipo sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Ndikupalasabe. Koma m'mawa wotsatira ngoziyo ndinalowa m'madzi kukazula nyika, ine wodziwa Chingerezi, n'kukazitula pakhomo pa mayi aja. Mawu oyamba a Chisena amene ndinawanena ndi mtima wonse anali akuti "takhuta", kuthokoza.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero lamwano, n'kundipulumutsa ndi dzanja limene ndinalinyoza. Inu amene madzi akufikani pamchombo ndipo mawu akutherani, musamutaye mnzanu, musaleke kuitana. Gwirani chilichonse chatsala m'manja, gogodani. Alipo amene akumva.