Dipuleshoni Si Misala

Kuchipatala, kunja kwa chipinda cha mlangizi, mayi wina wobereka khanda ankangoti akhala pa benchi, adzukanso. Pambali pake panali bambo wachipewa.

"Mayi, khalani pansi, mukutichititsa chizungulire."

"Ndikufuna ndisolole kabuku kanga kachipatala pamulu wa anesi paja, ndizipita. Anesi alembamo dipuleshoni. Apongozi akamva kuti ndalowa chitseko cha amisala, andilanda mwanayu."

"Ndiye ineyo ndine wamisala?"

"Sindinatero, bambo."

"Mwatero! Ine ndine dalaivala. Chichitireni ngozi chaka chatha, hutala ikangolira manja amanjenjemera, ngozi ija n'kubwereranso m'maso. Alangizi amati ndi bala la m'maganizo. Inuyo mumamva bwanji?"

"Tulo sindipeza. Chakudya sichikoma. Mwana akamaseka, ine misozi. Kunyumba amati ndi ulesi."

"Waulesi amagona mpaka kuliza mkonono, mayi! Dipuleshoni ndiyo imeneyo, chisoni chokana kuchoka ngakhale palibe maliro. Mnzake ndi nkhawa, kuopa zamawa kusanache. Zonsezi zili ndi chithandizo."

"Koma amaitana dzina mokuwa, anthu onsewa akumva."

"Aliyense pano akutchera khutu dzina lake. Mukasolola kabukuko, kunyumbako mukalira ndi ndani?"

"Ndekha. Kubafa."

Chitseko chinatseguka, nesi n'kuitana dzina kawiri.

"Ndi ine ameneyo. Bambo, ndigwirireni chikwamachi. Muli foni, apongozi akaimba musayankhe."

"Lowani, mayi. Ikalira ndingonjenjemera nayo."