Mayi Sopo ndi Sinki ya Pakona

Akulu a chipatala, madokotala, anamwino anzanga, a ku labu, okolopa, alonda, ndi inu a pabanja amene mwakhala kutsogoloku, zikomo pobwera. Andipatsa mphindi zisanu. Ndiyesetsa.

Pa mafomu, mayi tikutsanzikana nawowa, amene akupuma pa ntchito, ndi namwino wamkulu. M'mawodi timangoti Mayi Sopo. Musayang'ane pansi, akudziwa kale.

Ine ndinakumana nawo pa intavyu, zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Kunali kuchipinda chija timasungiramo mabedi othyoka. Tebulo limodzi, ofunsa atatu, ine pampando wogwedera. Ntchito ndinkaifuna zedi. Kumene ndinkagwira kale anali atandichotsa, ndipo ndinali nditatha chaka pakhomo, mwana ali kumsana.

Adokotala anafunsa za mankhwala, ndinayankha. Kenako mayiwa, osadzutsa n'komwe mutu: "Mumakwiya?"

Ine: "Ayi, mayi. Ndine munthu wofatsa."

Anaika cholembera pansi. "Kalata ili mu fayiloyi ikunena zina."

Ndinaulula. Bambo wina, mayi ake atamwalira, ananditcha wakupha wodi yonse ikumva. Ndinamukalipira mpaka odwala anadzuka pamabedi.

Iwo anati, "Mkwiyo si mlandu. Muno chosakwiya ndi machira okha. Funso langa n'lakuti, ukabwera mumaupititsa kuti?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Imirirani."

Intavyu ili mkati, ananditengera pa sinki ya pakona. "Tsegulani mpopi. Sopo achite thovu. Pakati pa zala, m'zikhadabo, mpaka m'zigongono. Pakamwa potseka. Mukapukuta, ndiye muyankhe munthu. Namwino akamasamba m'manja palibe amamufunsa chifukwa."

Ndinamva pambuyo pake kuti adokotala aja sankandifuna. Mayiwa anangoti, "Mumuike mu wodi yanga. Akakalipira munthu, muchotse ine." Anali atandidziwa mphindi makumi awiri zokha.

Musaganize kuti anabadwa choncho. Okolopa akale amati chaka chawo choyamba anagenda dokotala ndi mbale ya thonje. Mbaleyo inamuphonya, inaphwanya wotchi. Amene mumadabwa kuti wodi ya ana ilibe wotchi, mwamva lero.

Patatha miyezi itatu chiyambireni ine ntchito muno, mayi wina mwana wake atamwalira anandigwira yunifolomu pakhosi, mabatani n'kuthothoka. Mawu anafika pamlomo penipeni. Ndikanawatulutsa, ntchito ikanatithera tonse awiri. Ndinapita pa sinki. Pa mpopi winawo ndinapeza Mayi Sopo akusamba kale, misozi ikugwera mu thovu. Mwanayo anali atamusamalira masabata asanu. Tinapukuta m'manja, tinabwerera, iwo n'kukakhala pansi pambali pa mayi uja mpaka abale ake atafika.

Mayi, zikomo. Mwana amene anali kumsana uja pano ali ku sekondale, ndipo ine sindinakalipirepo wodwala kapena wachibale. Madokotala okha, kawiri. Theka la anamwino muno linadutsa pa sinki imeneyo.

Bambo, tikukubwezerani akazi anu. Langizo ndi limodzi: mukaona akusamba m'manja nthawi yaitali koma chakudya sichinapse, tulukani mukaone nkhuku.

Mayi, ndakuonani mukuyang'anayang'ana kukhomo. Muholo muno mulibe sinki. Tinasankha dala. Zaka makumi atatu misozi yanu yakhala ikutsika mu paipi, odwala osaiona. Lero palibe wodwala woti mumulimbitse mtima, ndife tokha. Isiyeni itsike.

Mukapume bwino, mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni, adzukulu akakusokoseni mmene angafunire. Anzanga, manjawa anatiphunzitsa kusamba ndi iwowa. Tiimirire, tiwaombere.