Chitini cha soda chinali ndi chinsinsi changa

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo! Amayi a kumbuyo uko, simunadye? Nenani ameni ndimve. Eya!

Ine ndine Luwiza wa ku Sanjala, uja ndimagulitsa mbatatesi ya ku Chimbonila pamsika. Taonani mwendo wangawu. Uoneni bwinobwino, chifukwa lero uvina.

Ndili ndi ana asanu. Pobereka wachisanu, Tomasi, ndinataya magazi ambiri, ndinatsala pang'ono kupita. Mumtima ndinati basi, ndalekeza pano. Koma kuwauza bambo akunyumba ndinkaopa. Ndi awo akhala apowo, bambo Alufredo, munthu wosalankhulalankhula. Ndinkangoganiza kuti akufunabe ana ena. Sindinawafunse. Mwamva? Sindinawafunse!

Kuchipatala nakonso ndinkaopa. Lichinga mukuidziwa, ukayetsemula ku Sanjala, kumsika amva kale kuti uli ndi chimfine. Ndiye mnzanga wina wa pamsika anayamba kundigawira mapiritsi ake olera. Anati, "Mana, m'bale wanga, imwa basi, ine sandivuta." Amayi timagawana mchere, timapalana moto, ndiye ndinati mankhwalanso ndi chimodzimodzi. Ndinawabisa m'chitini cha soda wa therere. Ndi mwamuna uti amatsegula chitini cha soda?

Ndinamwa zaka zitatu, osapimidwa ngakhale kamodzi. Mutu unkandiwawa mbali imodzi, m'maso n'kumaona timoto. Ine ndinkati ndi dzuwa. Dzuwa, kozizira ngati kuno!

Tsiku lina ndikutsika mu shapa, minibasi zathu zija, kuchokera kokaoda mbatatesi, mwendo wamanzere unalemera. Katumba kutupa, kutentha, kuponda pansi osatheka. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Lione. Atangoona anati, "Waponda mankhwala iwe! Anzako a pamsika akutchera." Ananditema mphini, kundithowa ndi madzi otentha, kusisita ndi mphamvu zawo zonse. Sindiwaimba mlandu, chinali chikondi. Koma tsiku lachitatu chifuwa chinandibaya. Mpweya kusowa, abale. Mpweya kusowa!

Bambo Alufredo anandinyamula, ulendo kuchipatala. Dokotala wake anali mayi. Anandipima tensau, uja ena amati kuthamanga kwa magazi, n'kupukusa mutu. Anandijambula mwendo. Kenako anafunsa, "Mama, pali mankhwala amene mumamwa?"

Amuna anga anali chilili pambali pa bedi. Ndinati, "Palibe, dotora."

Ndinanama, abale. Ine mayi wa chigwirizano, wa bulauzi yoyera, ndinanama ndili pakhomo pa manda.

Dokotala uja anakhala pabedi n'kundigwira dzanja. Anati, "Magazi aundana mumtsempha wa mwendo, ndipo kachidutswa kapita kumapapo. Tikuthandizani. Koma ngati pali chimene mukumwa, mukakapitiriza kumwa, ulendo wina mwina sitidzakupezani muli moyo. Ndikufunsanso."

Apa mpamene panali nkhondo. Ndikanena, banja latha. Ndikabisa, ana anga asanu atsala okha. Ndinapemphera mumtima, "Yesu, nditsegulireni pakamwa." Ndinatseka maso n'kunena, "Ndimamwa mapiritsi olera. Zaka zitatu. Amuna anga sadziwa."

Ndinadikira mphezi.

Nditatsegula maso ndinaona bambo Alufredo akupisa m'thumba la jekete. Anatulutsa mapiritsi anga aja! Anati, "Ndi awa, dotora. Amakhala m'chitini cha soda."

Aleluya! Musaseke, ine ndinalira. Pajatu bambowa amavutika ndi chilungulira. Tsiku lina ine kulibe anafuna soda woti amwe, n'kuwapeza. Zaka ziwiri akudziwa, ali chete. Anati, "Luwiza, tsiku unabereka Tomasi ndinaona magazi ako pansalu. Sindinafunenso mimba ina m'nyumba mwanga. Ndimaopa kukuchititsa manyazi, ndimadikira kuti unene wekha." Taonani zimenezo! Anthu awiri, nyumba imodzi, chofuna chimodzi, koma kuopana mpaka imfa kulowa pakati.

Alongo anga, mundimve bwino, musakanene kuti Luwiza wati kulera n'koipa. Ayi! Dokotala anati mapiritsi amenewo amathandiza amayi ambiri. Koma mtundu umenewo suyenera mayi wa msinkhu wanga, wa tensau yokwera, wa mutu uja wa timoto. Ndikanapita kukapimidwa akanandipatsa njira ina. Mankhwala si mchere, sagawana.

Ndinamwa mankhwala osungunula magazi miyezi ingapo. Ndinayamba ndi ndodo, kenako ndodo ndinataya. Lero ndili ndi lupu, njira yolera yoika m'chiberekero, tinasankha tonse awiri. Mutu uja unachepa. Mnzanga wa pamsika ndinamukoka dzanja mpaka anakapimidwa. Apongozi nditawafotokozera anati, "Ndiye ndinkasisita imfa!" Lezala lawo analitaya.

Ndipo tsiku langa lokapimidwa likafika, pitani mukaone. Pabenchi pa amayi okhaokha mupeza bambo mmodzi wa jekete, atanyamula khadi langa, manyazi alibe.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditsegula pakamwa. Ndikuthokoza dokotala amene anafunsa kawiri. Ndikuthokoza inu amene munkaphikira ana anga ndili gone. Bambo Alufredo, imirirani anthu akuoneni. Imirirani, musayang'ane pansi!

M'chitini muja lero muli soda yekha. Oimba, yambani nyimbo, mwendo uwu wadikira mokwanira. Ameni!