Kulongolola kwanga kunapeza mwamuna wotayika

Aulutsi ndi omvera anzanga, ine ndine mayi wogulitsa usipa pamsika wa Namwera. Vuto langa ndi lakuti nkhani sindiyenda nayo njira imodzi. Mukandifunsa za mvula, ndikakufikitsani ku ukwati wa mng'ono wanga. Amuna anga anatopa n'kundiuza kuti, "Inu, fikani pamfundo!"

M'zaka zija anzathu a ku Mozambique ankathawa nkhondo, mayi ena othawa kwawo anaima pabenchi panga.

"Achemwali, usipawu mumakagula kuti?"

Yankho linali liwu limodzi: ku Chembe. Koma ine ndinayamba za lole yomwe inatifera pa Monkey Bay, n'kulowa za mphepo ya mwera, mpaka ndinafika kwa bambo ena achilendo osoka maukonde kumeneko, amene amapana ulusi ndi chala cha kuphazi poti dzanja lawo lamanzere akuti linapsa ali mwana.

Mayi aja anagwetsa dengu.

"Mwati dzanja liti? Bwerezani!"

Anali amuna awo. Anasiyana m'tchire tsiku lomwe mudzi wawo unatenthedwa, ndipo mayiwo anali atalira kale maliro poganiza kuti amuna awowo anafa.

Ulendo wotsatira wokagula usipa ndinapita nawo. Ataonana pamchenga paja, bambo aja anasiya ukonde n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Lero banjali likulima fodya kuno ku Namwera. Amuna anga akangoti "fikani pamfundo," ndimawayankha kuti, "Ndikanafika pamfundo tsiku lija, mayi aja akanakhalabe amasiye mwamuna ali moyo. Khalani pansi, sindinamalize."