Sipika Yomvera Mayi Otilia

Kutatsala masiku anayi kuti mpikisano wa makwaya uchitike, mayi Otilia, wotsogolera kwaya ya amayi kwa Malemia, analowa mu shopu ya zamagetsi pa boma la Nsanje atatsimikiza mtima kuti nkhondo ya m'nyumba mwawo ithe: amuna awo a Symon ankafuna mpira pa TV, iwo ankafuna nyimbo za pa foni, ndipo aliyense ankakweza chake mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Mwini shopuyo, a Augustino, kale ankagwira ntchito pa sikelo ya thonje, ndipo ankayankha funso monga mwalifunsira, osawonjezerapo ngakhale kilo imodzi.

"Ndikufuna sipika yomvera ine," anatero mayi Otilia akudzikupiza ndi mpango.

"Sipika simva, mayi. Imayankhula. Omva ndinu."

"Iii, achimwene! Ndikunena yomvera ine, osati a Symon."

"Imamvera amene wagwira rimoti."

"Rimoti imakhala m'thumba mwa a Symon. Amapita nayo ndi kudimba komwe."

"Ndiye imamvera a Symon."

Mayi Otilia anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Bamboyo sankaseka. Anangotembenuka, n'kutsitsa chinthu chakuda, chachitali ngati mpini wa khasu, pamodzi ndi bokosi lonenepa.

"Iyi imagwira konse, TV ndi foni. Imabwera ndi wufa."

"Ufa ndili nawo, wa mapira ndi wa chimanga. Mukufuna anankafumbwe andidyere sipika?"

"Wufa, mayi. Bokosi ili. Limatulutsa besi."

"Kwaya yathu ndi ya amayi okhaokha. Besi tilibe."

"Ndiye lizikhala chete."

"Ndigule chinthu choti chizikhala chete?"

"Mpira ukayamba liziyankhula."

"Eya! Ndinadziwa ine! Bokosi limeneli ndi la mbali ya a Symon. Lichotseni."

"Sizilekana. Zinabwera m'katoni imodzi."

Mayi Otilia anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala, chifukwa anaona kuti nkhaniyi si ya choimirira.

"Chabwino. Foni yanga ilowa bwanji mmenemo?"

"Siyilowa. Imakhala m'manja mwanu."

"Nyimbo, achimwene, nyimbo!"

"Oho. Zimadzera pa bulutufu. Foni ndi sipika zimayamba zadziwana, kenako zimalumikizana popanda chingwe. Koma imatenga chimodzi pa nthawi. Ikakhala ndi TV, foni imadikira."

"Ndiye mitala imeneyo."

"Mitala ndi ya anthu, mayi."

"Foni yanga ikhale mkazi wamkulu. TV izidikira."

"Choyamba kufika ndicho chimalowa."

"Ine ndinafika m'nyumba ija madzi aakulu aja asanagwetse khitchini! TV yabwera dzanadzanali, mphatso ya mwana wathu Monalisa. Woyamba ndani?"

"Inu. Koma inu mulibe bulutufu."

Mayi Otilia anamenya m'manja kamodzi, n'kuyang'ana kudenga ngati akuitana mboni.

"Tamverani bwino. Ndikufuna zonse ziziyimba limodzi. Mpira uzipita kumbali ya a Symon, motsitsa. Nyimbo zizibwera kumbali yanga, mokweza."

A Augustino anaganiza kwenikweni, chala chili pachibwano.

"Mpando wanu ndi wawo zatalikirana bwanji?"

"Ndi mpando umodzi. Wautali uja."

"Nkhabe. Sizingatheke. Mawu sadziwa mwini wake."

"Ana anga onse asanu ankadziwa kuti ndikukalipira uti, ngakhale atakhala pa mphasa imodzi."

"Munkatchula dzina."

"Yatsani tione. Mwina sipikayo ili ndi nzeru kuposa wogulitsa."

Bamboyo sanakhumudwe. Analumikiza foni, mayi Otilia n'kusankha nyimbo imene makwaya onse anapatsidwa kuti akayimbe pa mpikisano. Inayamba bwinobwino, kenako inaima, kamkombero kakungozungulira pa foni.

"Taonani! Yachita manyazi."

"Ilibe nkhope, mayi. Foni yanu yagwira netiweki ya ku Mozambiki."

"Yawoloka Shire osatsanzika?"

"Siinawoloke. Ili m'manja mwanu. Sunthirani kuno, kufupi ndi firiji."

Anasuntha ndi mpando womwe. Nyimbo inabwerera, ndipo ulendo uno inadzaza shopu yonse. Mayi Otilia anamva mawu achiwiri amene pa foni sankawamva n'komwe, anamvanso malo amene oyimbawo ankapumira, malo omwewo amene amayi a kwaya yake ankathera mpweya sabata iliyonse. Anamvetsera mpaka nyimbo itatha.

"Mmm," anatero potsiriza, posafuna kuyamikira kwambiri. "Siyoipa. Koma rimoti ija..."

"Iyi ili ndi rimoti yakeyake."

"Aa! Nanga bwanji simunanene poyamba paja?"

"Simunafunse."

Mayi Otilia analanda karimotiko, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje, mfundo ziwiri.

"Mangani zonse, ndi bokosi la a Symon lomwe." Kenako mtima unafewa. "Koma bambo aja mpira ndiwo moyo wawo. Chipumireni ntchito ku minda ya mizimbe alibe china. Kodi palibe chinthu choti munthu azimva mpira wake yekha, osasokoneza anzake?"

"Chilipo."

Mayi Otilia anadikira. A Augustino anadikiranso.

"Chitulutsenitu!"

Bamboyo anaika kabokosi pa tebulo. "Timahedifoni topanda chingwe. Tating'ono ngati nthanga za thonje. Mumalowetsa kamodzi kuno, kena kuno, basi. Za kunja simuzimvanso."

Mayi Otilia anatsegula kabokosiko. Munalibe kanthu.

"Tili kuti?"

"Tatha."

"Ndiye mukundionetseranji bokosi?"

"Munafunsa ngati chilipo. Pa dziko chilipo."

"Mayo ine! Wagula totsiriza ndani? Ndikamupemphe andigulitse."

"Anandiuza kuti ndisatchule dzina lawo kwa akazi awo."

"Akazi awo ndi ndani?"

"Inu."

Mpango unasiya kukupiza.

"Dzina sindinatchule," anawonjezera a Augustino.

"A Symon ali nato? Chiyambire liti?"

"Masabata awiri apitawo."

"Nanga bwanji TV ikusokosabe ngati chigayo? Simunawaphunzitse kulumikiza?"

"Anakana. Za mpira sanafunse. Anangofunsa ngati timatseka makutu bwinobwino."

Pamenepo mayi Otilia anayamba kukumbukira. Masabata awiri amenewo, mpira ukangotha, iwo ankaima pakati pa nyumba n'kuyeserera ndime yokwera ya nyimbo ija, imene anaganiza zoyimba okha pa mpikisano. A Symon ankakhala phee, chipewa chaubweya atachikokera mpaka m'makutu, kutentha konseku, akugwedeza mutu n'kumati, "Pyadidi, pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino. Mayi Otilia anafika pouza kwaya yonse kuti ngakhale amuna awo, munthu wosayamikira, ndime imeneyo yawagwira mtima.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi tili pa banja," anatero motsitsa. Kenako anadzuka, mpando n'kugwa. "Ndi nsanje basi! Mwamuna uja sadziwa nyimbo. Inu, achimwene, simunama. Ndiyimba pompano, mundiuze zoona."

"Mayi, kuno timagulitsa..."

"Chete!"

Anatsinzina, naika dzanja pachifuwa, nayamba. Anakwera, nakweranso. Panja, a kabaza amene ankakangana pansi pa mtengo wa nimu analeka. Mbuzi imene inagona pakhonde inadzuka n'kuwoloka msewu. Mayi Otilia anagwira mawu otsiriza mpaka mpweya utatheratu, n'kutsegula maso.

A Augustino anali chiimire, manja kumbuyo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono, mwaulemu kwambiri.

"Eya, mwamva bwanji?"

Mutu unapitiriza kugwedezeka.

"Achimwene!"

Bamboyo anakweza dzanja, nazula kanthu koyera m'khutu.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Iii! Si inu munati tatha?"

"Togulitsa ndito tatha, mayi. Iti ndi tanga."