Bambo Stafford Kumwembe, Mphunzitsi Amene Anamanidwa Kalasi ku Doha

Amene tikuwaperekeza lero kuno kumanda a ku Dukhan, kunja kwa mzinda wa Doha, ndi Bambo Stafford Kumwembe, mlamu wanga. Anabadwa mu 1969. Kwawo ndi kwa Namitambo m'boma la Chiradzulu, koma anakulira ku Limbe, kumene bambo awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye.

Pakhondepo ndi pamene malemu anayamba kutchera khutu. Ankadabwa kumva eni sitolo akutchula mawu monga khaki m'chiyankhulo chawo, mawu amene kusukulu ankati ndi achingerezi. Atapita ku Chancellor College anafufuza nkhaniyi. Anapeza kuti Angerezi amene ankachita malonda ku India anabwerako ndi nsalu ndi zokometsera zakudya, komanso mawu. Calico ndi nsalu ya ku Calicut. Bungalow ndi nyumba yomangidwa monga za ku Bengal. Shampoo anachokera ku mawu a Chihindi otanthauza kusisita.

Anaphunzitsa Chingerezi m'masekondale a ku Zomba ndi ku Mulanje. Mu 1998 anakwatira mchemwali wanga Fanny, namwino. A Fanny atapeza kontrakiti kuno mu 2017, malemu anawatsatira ali ndi chikhulupiriro choti apitiriza uphunzitsi.

Sizinatheke. Masukulu ena ankangoti "inshallah (Mulungu akalola), tikuimbirani," foni osalira. Ena anawauza maso ndi maso kuti makolo amafuna mphunzitsi amene Chingerezi ndi chobadwa nacho. Pa intavyu ina ku Al Mirqab malemu anapsa mtima nafunsa kuti, "Chiyankhulo chimene chinatola mawu m'misika ya ku India, mwini wake ndi ndani?" Ntchitoyo sanawapatse.

Anakalowa ntchito yolandira alendo pa hotelo ina ku The Pearl. Lachisanu lililonse, tsiku lopuma ndi lopemphera kuno, akaweruka ku tchalitchi cha Anglican kumene anali mkulu wa kwaya, ankaphunzitsa madalaivala ndi magadi a ku Kerala m'dziko la India, ku Nepal ndi a kwathu m'chipinda chawo chochezera ku Fereej Bin Omran, kwaulere.

Impso zinayamba kuwavuta chaka chatha. Atisiya Lolemba lapitali kuchipatala, akazi awo ali pambali.

Ine sindibisa kuti mtima ukundiwawa. Munthu wa mapepala onse, wa luso lotere, wagona m'dziko lino asanaimepo kutsogolo kwa kalasi pa sukulu ya kuno ngakhale tsiku limodzi.

Asiya akazi awo a Fanny, ana awiri, Wongani ndi Cindy, mdzukulu mmodzi, mng'ono wawo a Kenny, ndi mayi awo okalamba kwa Namitambo, amene alephera kudzaona nkhope ya mwana wawo.

Aphunzitsi athu, Bambo Kumwembe, apumule mu mtendere.